Chingwe Chopinda Pawiri

Chibavi, Mzuzu
11 Febuluwale 2024

Wokondedwa mwana wanga Walusungu,

Monire. Ndikhulupirira uli bwino ku Cape Town pamodzi ndi nkhalamba zako zimene umazisamalirazo. Ife kuno tili makora, mvula yokha ndiyo yatikwana. Matope a m'Chibavi ukuwadziwa, sindikuuza zachilendo. Mlongo wako Rodney akulimbikira ukalipentala wake ku Nkhorongo. Akuti mipando ikuyenda pang'onopang'ono, mabokosi a maliro ndiwo sagona pashedi. Amandinena kuti ndizingolankhula pa foni ngati anthu ena onse, koma ine ndakana. Pa foni mawu amathamanga, munthu umaiwala chimene umafuna kunena. Kalatayi ndapatsira a Amon, atransipota aja, anyamuka Lachitatu.

Okala ikuyenda. Papita zaka zitatu kuchokera pamene unanditsitsa pa sakaramento, njinga yonyamula anthu ija, n'kundikhazika pa mpando, ndipo ndaiwala kupalasa munthu pa chitunda cha ku Katoto thukuta lili kamukamu. Njinga ija ndinaikoloweka kudenga, akangaude akuchitirapo misonkhano. Lamlungu lapitali a Solomon Gondwe anandigwira pamimba pakhomo pa tchalitchi, amvekere, “A Ngwira, mwana wanu akukusungani nadi!” Ndinaseka, koma mumtima ndinanyada. Mimba imeneyi ndi yako, mwana wanga, unaimanga ndiwe.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Kutchalitchi kunabwera anamwino kudzayeza anthu ulere. Anali ndi sikelo yachilendo, yokwera utavula nsapato kwinaku utagwira tizitsulo m'manja. Makilo anga ndi 68, omwe aja ndinali nawo ndili pa njinga, osachoka osawonjezera. Ndiye namwino wake anati, “Adada, mafuta a m'thupi muli pa 31 peresenti. Mukaonane ndi adokotala.” Anthu anali ambiri pamzere, sindinafunse zambiri.

Walusungu, 31 peresenti! Iwe malikisi amenewa unabwera nawo kamodzi kokha, masamu a Fomu 2, ndipo ukukumbukira zimene zinachitika pakhomo pano. Lero ine bambo wako ndalephera mayeso a mafuta pamaso pa amuna onse a mumpingo. A Gondwe apeza 36, akuyenda monyang'wa ngati asankhidwira ku yunivesite. Koma usadandaule, ndayamba kale kulimbikira. M'mawa tiyi wamkaka ndi masikono awiri opaka majarini, masana ndimaitanitsa chipisi cha pachiwaya, madzulo kanyenya akapezeka. Pofika Juni ndikhale nditafika pa 50, ndikhoze.

Chimene chikundivuta n'chizungulire ndikaimirira msanga, ndi ludzu losatha. Ndikuganiza kuti n'kuperewera kwa mafuta komweko. A Amon akamabwerera unditumizireko mankhwala owonjezera thupi, ndamva kuti kumeneko aliko abwino. Undiuzenso za tchuthi chako, chaka chino ubwera?

Ine bambo wako,
Blackson Ngwira

Cape Town
25 Febuluwale 2024

Okondedwa Adada,

Yewo chomene chifukwa cha kalata. Ine ndili bwino, ntchito ikuyenda. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Ulendo woyamba ndinaseka mpaka Tina, mnzanga wa kwathu konko amene timagwira limodzi, anabwera kudzafunsa. Ulendo wachiwiri sindinaseke, ndinachita mantha. Ndinakuimbirani pompo, koma mwa chizolowezi chanu munangoti “yewo, yewo, ndamva” n'kudula, ndipo ndikudziwa kuti simunamve kanthu. Ndiye khalani pansi, valani magalasi.

Adada, amenewa si malikisi a kusukulu. Pa mayeso awa wopeza zambiri ndiye ali pamavuto. A Gondwe ndi 36 yawoyo asiye kunyang'wa.

Mukukumbukira mmene munkakanganirana ndi wabutchala wa pamsika? Mukati kilo imodzi, iye ankaika nyama pang'ono, mafuta mulu. Sikelo inkati kilo yakwana, inu n'kumati, “Achimwene, ndabwerera nyama ine, osati kandulo.” Thupi ndi chimodzimodzi. Sikelo wamba imangonena kulemera, siisiyanitsa mnofu, mafupa, madzi ndi mafuta. 31 peresenti ikutanthauza kuti thupi lanu titaligawa magawo 100, magawo 31 ndi mafuta. Pa makilo anu 68, oposa 20 ndi mafuta okhaokha. Chigubu chachikulu chija mumapimira makasitomala mu okala, mukuyenda nacho. Muli pa njinga makilo anali omwewo, koma inali minofu ya m'miyendo ndi kumsana. Minofu ija yaphwa chifukwa chokhala, malo ake alowa mafuta. N'chifukwa chake sikelo sinasunthe, pomwe lamba ndikhulupirira munaboola kale bowo lina.

Mafuta si mdani, musandimve molakwa. Thupi limawafuna. Amasunga mphamvu, amatchinjiriza ziwalo, ndipo opanda iwo kuzizira kwa Mzuzu mu Juni simungakupirire. Koma kwa bambo wa msinkhu wanu, kuno amatiphunzitsa kuti asamapitirire 25. Ife akazi timakhala nawo ochulukirapo mwachibadwa. Oopsa kwambiri ndi a m'mimbawo, chifukwa sakhala pansi pa khungu pokha, amakuta chiwindi ndi matumbo. Amenewo ndiwo amaitana shuga ndi BP. Ludzu mukunenalo ndimaliona kwa nkhalamba zanga kuno, ndipo silikundisangalatsa. Pitani kuchipatala sabata ino akakuyezeni, musadikire. Mankhwala owonjezera thupi sinditumiza, ngakhale mukwiye.

Sikelo ija simungaipeze tsiku lililonse, komanso nayo imaphonya pang'ono. Pali njira ya pakhomo. Ndamuimbira Rodney kuti abwere ndi chingwe. Muime chilili, ayeze kuchokera pamutu kufika pansi, adule. Kenako chingwecho muchipinde pawiri n'kuchizunguliza m'mimba pa mchombo. Nsonga zikakumana, zili bwino. Zikapanda kukumana, mpata wotsalawo ndiyo ntchito imene tili nayo.

Ndinakutsitsani pa njinga kuti mupume, poti mwatipalasira moyo wonse chimwalirireni amama. Sindinkadziwa kuti mpando nawo umadwalitsa. Tchuthi andilonjeza mu Disembala. Kalatayi ndapatsa a Amon pamodzi ndi jekete ya nyengo yozizira.

Mwana wanu,
Walusungu

Chibavi, Mzuzu
10 Malichi 2024

Walusungu mwana wanga,

Moni ndikupatsa, koma za moyo usandifunse, pakuti ukudziwa kuposa ine. Kalata yanga sunayankhe. A Amon sanafike, foni yako sikulira. Yankho lako linabwera m'thumba la Rodney, ndipo ndalimva.

Linali Lachiwiri masana. Chizungulire chinandigwira mu okala, ndinatseka n'kukagona pamphasa pabalaza. Potsegula maso ndinaona mlongo wako ataima kumutu kwanga, pensulo kukhutu, utuchi m'tsitsi, chingwe m'manja. Ndinati ndidzuke, iye amvekere, “Ingogonani choncho, Adada, sizichedwa.” Anaika nsonga pamutu, anakoka mpaka kuchidendene, anadula ndi mpeni. Ndinamufunsa kuti wamutuma ndani. Anati ndiwe.

Iwe unali ndi zaka zisanu ndi zinayi, Rodney zinayi, simunaone. Tsiku limene amama anu, a NyaKumwenda, anatisiya, amuna a kuno anandipatsa chingwe cha khonje kuti ndikawayeze ndekha, poti aliyense ankaopa kuwakhudza. Masiku amenewo munthu akaonda choncho anthu ankazonda ataima pakhomo. Ndinaika pamutu, ndinakoka mpaka kuchidendene, ndinadula. Chingwe chimenecho chinapita kwa kalipentala, kenako kwa adzukulu okumba manda. Ine sindidziwa ntchito ina ya chingwe choyeza munthu atagona.

Ndiye ndikufunsa, anamwino aja anakuuzani chiyani chimene sanandiuze ine? Iwe ndiwe wa zachipatala, 31 ija waimva tanthauzo lake. Ngati ili yoti munthu sachira, ukanandiuza poyera. Ndine munthu wamkulu, ndinaikapo mkazi. Imfa sikundiopsa, yayi. Chandipweteka n'choti ana anga mwayamba kukonzeka mwakachetechete, ngati ndine mlendo pakhomo panga.

Amama anu ankatha tsiku ndi tsiku ine ndikuona. Mphete inkagwa yokha pachala. Chichokereni pamenepo, ndikaona mwana wanga kapena ine ndemwe tikuwonjezera thupi, mtima umakhala pansi. Ndinkati mimba iyi ndi mpanda, imfa ikadzaiona idzalambalala. Kani ndinkadzinamiza.

Chakudya sichikulowa. Okala ndatseka. Kuchipatala sindipita, ndikatengeko chiyani? Njinga ipite kwa Rodney, asaigulitse. Suti yakuda ija ndiyo mudzandiveke. Bokosi asapange iye, mwana sakhomera bambo ake misomali, apatse anzake a pashedi. Ukatha kubwera ndikadali kuona, bwera. Ukalephera sindidandaula, wandisunga mokwanira.

Bambo wako,
B. Ngwira

Nkhorongo, Mzuzu
12 Malichi 2024

Asisi,

Muli kuti kodi? Masabata awiri foni yanu ili zii. Nambala ya a Tina ndaipeza movutikira kudzera kwa achemwali awo a ku Geisha, ndiye ndajambula pa foni kalata yanga ndi ya adada imene anandipatsira, kuti akuonetseni. Yambani ya adada, koma mukhale pansi.

Zinthu zavuta kuno. Tsiku munaimba lija ndinali pashedi, makina akulira. Ndinangomva zoti “tenga chingwe, uwayeze adada kuchokera kumutu mpaka kumapazi, udule,” basi foni inaduka. Ndinayesa kuimba, osalowa. Ndinati zotsalazo zili m'kalata, ine ndingochita mbali yanga. Ndinkaganiza kuti mwina mukufuna kuwagulira suti ina. Nditawapeza atagona ndinati bola, munthu wogona savuta kuyeza. Asisi, ine ndimakhoma mabokosi sabata iliyonse, anthu a kumudzi amabwera ndi zingwe zomwezi pashedi, koma mutu wangawu sunagwire! Zinandifikira ndili pa depoti. Ndinabwerera chothamanga, ndinawapeza atakhala tsonga akuyang'ana khoma. Ndinati, “Adada, si zimenezo.” Anati, “Nanga n'ziti?” Ndinangowauza kuti nanenso sindikudziwa.

Panopa akungomwa tiyi. Nkhope yagwa, mikono yatsala ngati ya mwana, koma mimba ili pompo. Azimayi oyandikana nawo ayamba kale kunong'ona, mukudziwa za m'Chibavi. Dzulo a Gondwe anabwera ndi anzawo a kutchalitchi kudzawaimbira nyimbo, ndipo zina zinali za pamaliro zenizeni. Ine ndinatuluka panja, sindinathe.

A Amon akuti lole inathyoka ku Tete, akudikira chitsulo kuchokera ku Joni. Ndinawapempha kuti atsegule kalata yanu aijambule, akuti ili pansi pa katundu wa anthu, sangamasule lole yonse chifukwa cha envelopu imodzi.

Chonde lembani msanga. Ndikasindikiza pa pepala, mukudziwa kuti za pa foni sazikhulupirira. Chingwe chija ndachibisa m'chikwama cha zida. Ndichiotche?

Rodney

Cape Town
13 Malichi 2024

Adada anga,

Foni anandibera m'minibasi tsiku lomwe ndinalankhula ndi Rodney. Ine ndinali phee, poganiza kuti kalata yanga munalandira kale ndipo mukundinyanyalira chifukwa ndakana mankhwala aja. Tina atandionetsa kalata yanu ndinalira m'chipinda chochapira zovala mpaka abwana anandiuza kuti ndikapume.

Mvetserani bwino. Palibe namwino amene anandiuza kanthu. Palibe chimene tikukubisirani. Simukufa, Adada, ndipo chingwe chija ndinatumiza kuti mukhalitse. Za chingwe cha amama sindinkadziwa. Ndikanadziwa ndikanayamba ndakufotokozerani ndekha. Pepani chomene.

Zonse ndinalemba m'kalata imene ili ku Tete, koma mwachidule ndi izi. 31 ija si malikisi, ndi gawo la mafuta m'thupi mwanu. Achuluka, sanachepe ayi, ndipo ndiwo akubweretsa ludzu ndi chizungulire monga ndikuganizira. Zimenezi zimabwezeka munthu akayamba msanga.

Rodney asachiotche. Abwere nacho, koma ulendo uno inu muime, mutavula nsapato, msana kukhoma. Mukatero muchitenge m'manja mwanu inuyo, muchipinde pawiri, muchizungulize pa mchombo, muone ngati nsonga zikukumana. M'mimba mwa munthu musamapose theka la utali wake, nkhani yake ndi yomweyo basi. Ndikufunseni, Adada, pamaliro onse amene mwapitapo, munaonapo chingwe akuchipinda pawiri? Cha akufa chimapita chowongoka kwa kalipentala. Ichi n'cha amoyo. Chimapindidwa, ndipo amayeza ndi mwiniwake ataimirira.

Za amama, inenso ndimakumbukira, kuposa mmene mukuganizira. Ndimakumbukira ndikuwamangira chitenje, chikuzungulira kawiri n'kutsalako. Mpaka lero ndikatsika kilo imodzi mtima umagunda. Koma chimene chinawatenga ndi matenda amene ankadya mnofu, nthawi imene mankhwala ake kunalibe. Mafuta sakanawapulumutsa. Ndipo zimene mukuchita panozi, zokhala ndi njala, zikudya mnofu womwewo n'kusiya mafuta ali pompo. Ine sindikufuna muonde. Ndikufuna miyendo ija ibwerere, ija inkakwera chitunda cha ku Katoto ine ndi Rodney tili pa kaliyala.

Idyani, chonde. Usipa, nyemba, mazira, mphangwe yambiri ndi ndiwo zina zamasamba, nthochi zophika. Masikono ndi zakumwa zotsekemerazo muzigulitsa, musamadye katundu wa okala. Mawa Rodney akuperekezeni kuchipatala akayeze shuga ndi BP, ndipo zimene akanene adokotala ndizo titsatire, kuposa zanga. Akalola, njinga itsike kudenga. Osati kunyamula anthu, yayi, kungopalasa.

Suti yakudayo mudzavale podzandichingamira pa depoti mu Disembala, ngati idzakukwaneni.

Mwana wanu amene amakukondani,
Walusungu

Nkhorongo, Mzuzu
7 Epulo 2024

Asisi,

Moni, ife tilipo. Mwafunsa chifukwa chake adada sakuyankha. Musadandaule, ndi manyazi chabe.

Kalata yanu anawerenga okha, kawiri, kenako anati, “Kabwere nacho.” Anaima kukhoma, tinayezanso, utali unali womwewo. Nditati ndiwathandize kupinda anandimenya dzanja. Anapinda okha, anazunguliza okha. Nsonga sizinakumane, panatsala mpata wa chikhatho changa chonse. Ndiye anakoka mpweya kuti mimba ilowe, ine ndinati, “Adada, kumeneko n'kubera mayeso.” Anaseka koyamba chichokereni Febuluwale.

Kuchipatala anati shuga wakwera, ali pakhomo penipeni pa matenda, BP nayonso yakwera. Awapatsa mapiritsi a BP. Za shuga akuti tiyambe ndi kadyedwe ndi kuyendetsa thupi, abwererenso pakatha miyezi itatu. Adokotala atamva za mpikisano wofika pa 50 uja anavula magalasi, anati tikanachedwa ikanakhala nkhani ina.

A Amon afika dzana. Jekete ikununkha dizilo, kalata yanyowa ngodya imodzi koma ikuwerengeka. Okala atsegula, ndipo aliyense wobwera kudzagula mchere akumuwerengera nkhani ya wabutchala ija. Njinga ndaitsitsa, matayala onse anali ophwa, ndaika machubu atsopano. Anaiyang'anitsitsa, kenako anandinena kuti tcheni ndamanga molakwika.

Rodney

Cape Town
14 Julayi 2024

Okondedwa Adada,

Muli uli? Miyezi inayi tsopano ndikumva za inu kudzera kwa Rodney yekha. Akuti mukupalasa, akuti mapiritsi mukumwa, koma ine ndikufuna kuona zolemba zanu, zilembo zopendekera zija. Ngati mudakandikwiyira chifukwa cha chingwe, nenani, ndipirira. Kukhala chete kokha ndiko kukundisowetsa mtendere.

Kuno tili ndi agogo awiri aamuna m'chipinda chimodzi. Timawayeza mwezi uliwonse, ndipo makilo awo amangofanana. Mmodzi amadzuka yekha pampando, amakathirira maluwa, amatitukwana tikachedwa ndi tiyi. Winayo timamunyamula anthu awiri, ndipo amapepesa nthawi iliyonse. Pa sikelo ndi amodzi, koma wina ananyamula minofu, wina mafuta. Ndikamawasambitsa ndimaganiza za inu. Ndikufuna mudzakhale wotukwanayo.

Ndimaganizanso za mmene timaperekera moni kwathu. Munthu akachokera kutali timati, “Mwanenepa, mukuoneka bwino!” ndipo timanena ndi mtima wabwino, chifukwa tinaona anthu akutha. Sindikuwanena anthu amene amatero. Kungoti maso amaona kunja kokha, ngati sikelo ya wabutchala ija.

Kwazizira kumeneko, ndikudziwa. Jekete muzivala popalasa, fungo la dizilo lidzatha lokha. Ndiyankheni.

Walusungu

Chibavi, Mzuzu
20 Okotobala 2024

Wokondedwa mwana wanga Walusungu,

Monire. Ndakhala chete nthawi yaitali, ndikudziwa, koma sindinakukwiyire. Munthu amene anagawa kale katundu wake n'kusankha suti amavutika kupeza poyambira kalata yotsatira. Tili makora. Kwatentha, fumbi lalowa m'malo mwa matope.

Ndimapalasa m'mawa ndisanatsegule okala, mpaka ku Geisha n'kubwerera. Sabata yoyamba ndinatsika pakati pa chitunda n'kumakankha, a sakaramento anzanga akale akundikuwa, “Madala, tikukwezeni?” Pano ena mwa iwo ndimawadutsa. Tsiku lina mayi wina anandiimitsa ali ndi dengu la tomato, ndinamunyamula mpaka kumsika. Usakwiye, miyendo ndiyo inafuna.

Anamwino aja anabweranso ndi sikelo yawo. Makilo 66, awiri okha ndiwo achoka, koma malikisi atsika kufika pa 27. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzakondwera ndi kutsika kwa malikisi. Adokotala akuti shuga wabwerera m'mbuyo, koma mapiritsi a BP ndisasiye. A Gondwe poyamba ankati ana andilowetsa zachizungu. Mwezi watha anabwera mozemba kudzabwereka chingwe, ndinawauza kuti aliyense amadula chake.

Zovuta zilipo, sindikubisira. Kutchalitchi palibenso amene amandigwira pamimba. Mayi wina anandikokera pambali, amvekere, “A Ngwira, mwatha bwanji, mwana uja wasiya kukusamalani?” Zinandilasa, chifukwa dzina limene amaipitsa ndi lako. Ndipo m'mawa wina pomanga lamba ndinapeza kuti ndabwerera pa bowo lakale. Pompo ndinaona nkhope ya amama ako. Ndinakhala pabedi mpaka zinadutsa. Kenako ndinagwira ntchafu, ndinapeza yalimba, ndinadzuka kukapopa njinga.

Chingwe changa chimakhala pa msomali kuseri kwa chitseko. Nsonga sizinakumanebe, patsala zala ziwiri. Ukamadzafika mu Disembala mwina zidzakhala zitapatsana moni. Suti ndayesa, mabatani akutsekeka.

Tsopano iwe. Pa chithunzi chimene unatumiza kwa Rodney ndaona masaya. Chaka chatha ndikanathokoza Chiuta n'kukaonetsa a Gondwe. Lero ndikufunsa, umayendako? Kapena ndi ntchito, minibasi, bedi? Ukudya chiyani kumeneko?

M'envelopu muno upezamo chingwe. Ndagula chatsopano pamsika, ndadula ndekha. Utali wako sindinafunse munthu. Unakula n'kufika ndendende pomwe ankafika amama ako, ndipo utali umenewo manja angawa akuudziwa. Nditadula ndinachigwira chowongoka kanthawi. Kenako ndinachipinda pawiri, ndipo ndi mmene uchipezere.

Ine bambo wako,
Blackson Ngwira